Masamba Amene Sindinawotche

Pafamu ya Setchell, kufupi ndi Ely
22 Epulo 1956

Wokondedwa Sabina,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupeza uli bwino pamodzi ndi ana athu, Nora ndi Colm. Ine kuno ndili moyo, kungoti chimfine cha m'sitima sichinandisiye. Tinafika bwino ndi Tady Padden, ngakhale iye anasanza kuyambira pa doko la Dublin mpaka tsidya lino, uku akulumbira kuti chaka chamawa sadzakweranso sitima. Chaka chilichonse amalumbira chimodzimodzi. Ukamuona Delia umuuze kuti mwamuna wake wayambanso kudya, ndipo akudya za anthu awiri.

Zonse tazipeza monga tinazisiyira. Chigafa chathu chogonamo chikudonthabe pakona pomwe paja, ndipo mphepo ya kuno ikadali yosowa poima. Koma pali nkhani imodzi, uisunge m'kamwa mwako. A Horace Feetham, mdala uja amayang'anira selari pano, ndiwo ija ya mapesi aatali obiriwira, msana wawakana. Akuti chaka chino chikamatha akukakhala kwa mwana wawo ku tauni, ndipo kanyumba ka pafamu kamene akhalamo moyo wawo wonse katsala kopanda munthu. Lachisanu Bwana Setchell anandiitana tili pa nazale. Anati zaka zonse zimene ndakhala ndikubwera kuno sanandionepo nditatsamira khasu, ndiye chaka chino akundisiyira m'manja munda wa selari wa kungalande, kuyambira mbande mpaka kukolola. Ndikautulutsa bwino, nyumbayo ndi yanga, ntchito ndi ya chaka chonse, ndipo ndikhoza kuitana banja langa.

Ndinangovula chipewa n'kuchivalanso, Sabina. Colm anayamba kuyankhula ine kulibe, Nora anaguluka mano ine kulibe. Ndatopa kukhala mlendo wa Khirisimasi m'nyumba mwanga momwe. Nyumbayo ili ndi zipinda zitatu, mpopi pakhomo, ndi kadimba kumbuyo. Koma usauze munthu, ngakhale ansembe. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

Tady wamva kale, poti timagona mitu yogundana. Wayamba kunditcha a Kapitawo, ndipo ndikamalowa m'chigafa amaimirira n'kuchita sawasha ndi supuni. Iye chaka chino amupatsa ngalande, kuzipala ndi kutchetcha zitsamba za m'mbali mwake.

Ndatumiza mapaundi awiri ku positi. Ndere za m'nyanja zimene ndinatuta zija uzikwirire m'mizere ya mbatatesi zisanaume, ndipo ngati msana wavuta uitane mlongo wako Peadar. Ng'ombe ikabereka undilembere.

Ndine mwamuna wako,
Malachy

27 Meyi 1956

Wokondedwa Sabina,

Kalata yako ndinalandira, ndipo ndakondwa kumva kuti nonse muli bwino ndi kuti ng'ombe yabereka thole. Ine chimfine chija chinatha.

Sabata yathayi mtima unatsala pang'ono kundichoka. Ndinalawirira ku nazale n'kupeza masamba a mbande ali ndi matuza, ena otuwa, ena ofiira ngati awauka ndi moto. Iwe ukudziwa chimene munthu wa kwathu amaganiza akaona tsamba lotero. Ndinati basi, chiwawu. Ndinathamangira kwa a Horace kukafunsa komwe amasunga mankhwala abuluu aja timapopera mbatatesi, ndipo mdalayo anaseka mpaka kugwira msana.

"Inu a Paddy, tsamba likangofiira mwayamba kale kulira maliro a mbatatesi," anatero, poti kuno tonse a kwathu amatitcha Paddy. "Tabwera nalo kuno. Loza kudzuwa. Ukuona chiyani?"

Ndinaona kamphutsi koyera mobiriwirako, kali m'kati mwenimweni mwa tsamba, pakati pa khungu la pamwamba ndi la pansi, kakudya mnofu wake mosatekeseka. Mayi wake ndi kantchentche kakang'ono kakuda, ka mapiko amawangamawanga ndi maso obiriwira. A Horace akuti kamagona m'nthaka chisanu chonse, ndipo kunja kukayamba kufunda kamatuluka, kamabowola tsamba n'kusiyamo dzira. Ukapopera pamwamba umangotaya mankhwala, chifukwa mwini wake wadzitsekera m'nyumba. Gaetano, Mtaliyana woyendetsa thalakitala, akuti kwawonso kaliko, ndipo mnzake wa ku Poland anamuuza chimodzimodzi. A Horace akuti kulikonse kumene kumamera chitsamba chija timathyolera nkhumba, cha maluwa oyera otambasuka ngati ambulera, kantchentcheka kaliko, pakuti ndi pamene kamakhala kakasowa selari. Ukapita kukathyola uyang'ane masamba ake, mwina ndi kwathu komwe kaliko.

Mankhwala ake ndi awiri. Oyamba ndi mwaye wakale wogonera, umene timawaza mmawa mame asanaume kuti kasatere, moti masiku ano ndikuweruka ndili bii, mano okha mbee. Achiwiri ndi zala. Tinaitana azimayi a m'mudzi kudzathyola tsamba lililonse la thuza, ndipo tinadzaza matumba ndi matumba. Pomaliza penipeni a Horace msana unawagwetsa, ndiye anandilamula ali pabedi kuti ndithire parafini ndiwotche onse, ndisasiye ngakhale limodzi.

Tsono pano ndikuuze kanthu, useke. Ndinaima ndi chigubu cha parafini m'manja, pamaso pa masamba obiriwira, onyowa, onunkhira, ndipo dzanja linakana. Ine amene ndasenza ndere pamsana kuyambira ndili mwana, kukwera nazo mtunda madzi akuchucha m'miyendo, kuti pamwala pamere mbatatesi. Ine mwana wa bambo amene ankatola ndowe za bulu pamsewu n'kuika m'chipewa. Ndiwotche manyowa? Anthu a kuno anabadwira pa nthaka yonona, sadziwa kuti dothi amachita kupanga. Ndinawatuta pa wilibala kupita nawo kuseri kwa khola lakugwa la nkhumba, kumapeto kwa dimba la kanyumba kaja, kumene a Horace safikako ndi msana wawo. Ndinayala monga timachitira kwathu, masamba, dothi, masamba, dothi, kuti mphutsizo zikwiririke ziwolere momwemo. Pofika iwe udzapeza manyowa a kabichi wako atapsa kale.

Tady anandithandiza kukankha wilibala, akuti kapitawo wakuba zinyalala sanamuonepo chibadwire. Parafiniyo ndinayatsira kamoto ka udzu wonyowa kuti utsi uoneke.

Fodya wakweranso mtengo, ndiye ndachepetsa. Thole usalisiye liziyamwa mkaka wonse, ana amwe kaye.

Mwamuna wako,
Malachy

8 Julayi 1956

Wokondedwa Sabina,

Moni kwa iwe ndi ana. Ine ndili bwino zedi, ndanenepa mpaka lamba ndasuntha bowo.

Mbande tinawokera zonse mwezi wathawu, ndipo zagwira. Ukaima pa mlatho wa ngalande, mizere yobiriwira imapita pa dothi lakudalo mpaka maso kutopa, ndipo thuza palibe ngakhale limodzi. Bwana Setchell anabwera ndi wogula wa ku London, anayenda m'mizeremo, ndipo pobwerera anandigwira chanza pamaso pa anthu onse. Chifikireni ine pafamu pano sindinawaonepo akugwira chanza munthu wa kwathu. Ndinanyada, Sabina, sindibisa, ndipo dzanjalo ndinachedwa kulisamba.

Dzulo a Horace anandiitanira tiyi kuti ndione m'nyumbamo. Pansi ndi pa njerwa, pali chitofu chachitsulo chokhala ndi uvuni, ndipo denga silidontha. Ukaima pa zenera la kukhitchini umaona dimba lonse mpaka ku khola lija. Ndinayeza ndi mapazi pamene padzakhale bedi la ana, mdalayo akundiseka kuti ndikumuyeza bokosi akadali moyo. Tikumwa tiyi anafunsa ngati masamba aja ndinawotcha onse. Ndinati, kodi utsi simunauone? Anati anauona, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Tsopano ukhoza kuuza anthu. Uwauze ansembe kuti atilembere kalata yopita nayo ku parishi ya kuno, uwauzenso aphunzitsi a Nora. Ng'ombe ndi thole lake ukagulitse pa msika wa ku Belmullet wa pa 15 Ogasiti, pamene ogula amachuluka. Upite ndi Peadar, ndipo woyamba kukupatsa mtengo usamumvere, uchite ngati ukubwerera nayo. Munda ubwereketse kwa Peadar yemweyo, bola mpanda wamiyala aziusamala. Kabati ya amayi ako sindikudziwa ngati ingakwere sitima, koma wotchi ya pakhoma ubwere nayo. Ndikudziwa kuti ng'ombeyo unailera kuyambira ili thole ndipo zikuwawa. Kuno mkaka amabweretsa pakhomo m'mabotolo, sudzakamanso mumvula.

Tady akupereka moni. Ngalande zake anatchetcha kamodzi, koma chitsamba cha nkhumba chaphukanso pambuyo pake, ndipo bwana atamuuza anati manja ali nawo ndi awiri, ngalande ndi za dziko lonse. Akuti ukadzafika uzidzamuphikira supu Lamlungu lililonse, apo ayi adzakaulula kwathu kuti a Kapitawo amavala sokosi zobowoka. Ndamuuza kuti mbale yake ilipo kale.

Ndatumiza mapaundi atatu. Ugulire Nora nsapato, asadzatsike sitima osavala kanthu kumapazi.

Mwamuna wako,
Malachy

12 Ogasiti 1956

Wokondedwa Sabina,

Ndikhulupirira muli bwino nonse. Ine ndiliko. Kalatayi ndi yaifupi chifukwa ndikufuna inyamuke ndi positi ya mawa mmawa.

Ng'ombe ija usagulitse kaye Lachitatu. Palibe choipa chimene chachitika, koma msika wa Seputembala uliponso, ndipo kuthamanga si kufika. Peadar umuuze adikire pang'ono za mundazo.

Kuno kwatentha. Lachinayi ndinapita kuseri kwa khola kukaona manyowa ako. Awola bwino, ada ngati keke ya Khirisimasi. Pamwamba pake panali tintchentche tambiri tikuwothera dzuwa, tikuyenda uku tikutambasula mapiko pang'onopang'ono ngati mayi woonetsa shawelo yatsopano ku tchalitchi. Si takuda ngati tija ta mu Meyi, iti ndi tofiirira, koma mapiko ndi omwe aja, maso ndi omwe aja. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali. Mwina ndi mtundu wina, tizilombo ta kuno n'tambiri.

Mwaye watha, ndipo ndakhala ndikugogoda m'makomo mwa anthu kupempha wina, koma paliponse akuti wawo ndi wa chaka chino, umawaula masamba. Chakudya sichikulowa bwino, kaya ndi kutenthaku.

Sabata ino sinditumiza kanthu. Upsompsone ana.

Malachy

16 Seputembala 1956

Wokondedwa Sabina,

Kalata yako yafika, ndipo ndathokoza Mulungu kuti muli moyo. Ndamva kuti yanga inakupeza ng'ombe itapita kale, ndi kuti Nora analira njira yonse yochokera ku Belmullet. Iwe sunalakwe, unachita zimene ndinakuuza. Ndamvanso kuti chigulitsireni ng'ombe, Delia akukutumizirani chitini cha mkaka mmawa uliwonse. Umuthokoze. Iwe wati pa chitsamba cha nkhumba cha kuseri kwa mpanda wathu wapezapo matuza omwewo, ndi kamphutsi m'kati. Ndiye kuti moyo wanga wonse ndakhala ndikukathyola ndi manja angawa osakaona.

Pofika kalatayi Tady adzakhala ali kwathuko kale, ndiye ndi bwino umve kwa ine. Munda wapsa. Osati wonse, koma theka la kufupi ndi nyumba ija. Matuza anayamba kumapeto kwa Ogasiti, pakona pamene ngalande imadutsa kumapeto kwa dimba, kenako anafalikira mzere ndi mzere. Tathyola mpaka zala kutupa, koma selari wamkulu ukamuthyola masamba onse watsala ndi chiyani? Mapesi apinimbira, ndipo ukaluma ndi owawa, olimba ngati luzi. Wogula wa ku London analuma phesi limodzi n'kulavula.

Lolemba Bwana Setchell anatiitana tonse pakonapo. Sanakalipe, ndipo bola akanakalipa. Anayang'ana munda, anayang'ana ngalande. M'mbali mwa ngalandeyo chitsamba cha nkhumba chinali chofika m'chiuno, masamba ake matuza okhaokha. Anathyola limodzi, kuloza kudzuwa, n'kufunsa kuti ngalandeyi ndi ya yani, ngakhale ankadziwa.

"Ndi yanga, bwana," anatero Tady.

"Ndinakuuza kuti chitsamba ichi chisaphuke chaka chino. Loweruka udzatenge zako. Chaka chamawa usadzavutike kukwera sitima."

Tady anandiyang'ana kamodzi kokha. Ine ndinali pomwepo, kutalika kwa mpini wa khasu, ndipo ndinaona kuti chingwe cha nsapato yanga chamasuka, ndiye ndinawerama n'kumamanga. A Horace anali atatsamira ndodo yawo. Sankayang'ana munda kapena Tady, ankayang'ana ine.

Bwana akuti theka linalo ndalipulumutsa ndine, ndipo mawu ake a nyumba sanasinthe. Ndiyenera kukondwa.

Dzulo ndinamuperekeza Tady ku siteshoni. Wachoka mbatatesi isanakumbidwe, pamene pamakhala ndalama zenizeni za chaka, ndipo ana asanu akumudikira. Njira yonse ankangocheza za nyengo, ndi zoti tsopano lumbiro lake la sitima lakwaniritsidwa popanda thandizo la ansembe. Ine ndinali nditamunyamulira sutikesi. Sitima ikutulukira anati, "A Kapitawo, palibe kanthu koti ndikasiye kwa Sabina? Manja alipo, katundu wanga ndi wochepa."

Ndinamupatsa phukusi la nsapato za Colm ndi nsalu ya diresi la Nora. Ndinalipereka ndithu, iyenso analandira.

Akabwera nalo umupatse tiyi, ndipo usamufunse zambiri. Ndatumiza mapaundi awiri. Malaya anga ochindikala aja ali m'kabati umupatse Delia asokere anyamata ake, ine andithina.

Mwamuna wako,
Malachy

21 Okutobala 1956

Sabina,

Ndakondwa kumva kuti ana ali bwino ndi kuti nsapato zamukwana Colm. Ine thupi lili bwino.

Kalata yako ndi yaifupi, ndipo funso ndi limodzi: mulu wa manyowa uja uli mbali iti ya munda? Wati Tady sananene kanthu, anangosiya phukusi, kumwa tiyi, n'kuyamikira nyumba imene mukupitako. Ndikudziwa kuti sanganene. Kwathu munthu sapereka mnzake kwa bwana, agogo ake angadzuke m'manda. Ndinadalira zimenezo tsiku lija, ndipo ndi zimene zikundidya.

Muluwo uli pakona pomwepo. Kuchoka pa muluwo kufika pa mzere woyamba wa selari, Colm akhoza kuponya mwala.

A Horace anaupeza sabata yomwe ndinakulembera kuti ng'ombe usagulitse kaye. Anatsata tintchentche ndi ndodo yawo mpaka kuseri kwa khola, ndipo ndinawapeza atabaya foloko pamuluwo. Anatapa dothi m'dzanja n'kundionetsa timakoko tachikasu tonga njere za tirigu, tambirimbiri, tonse tobowoka kumutu, m'kati mopanda kanthu. Anati mphutsi ikakhuta sikhala m'tsamba. Imatuluka, imalowa m'dothi, imagona masabata angapo, kenako imatuluka ndi mapiko kukaikira mazira ake. Chaka chimodzi zimabadwa kawiri, ndipo zachiwirizo ndi zimene zimapha munda. Dothi limene ndinati liziphe ndi limene zinkafuna.

"Ndinati uwotche, iwe unaziyalira bedi n'kuzifunditsa bulangete," anatero. "Bwanji sunafunse, Paddy? Ndinali pabedi, sindinali m'manda."

Ndinati kwathu sitiwotcha chobiriwira. Anati ndiye ukanakhala kwanu komweko. Safunsa anadya phula, Sabina, koma phula langa wadya ndi Tady.

Kalata yako itafika ndinapita kwa Bwana Setchell. Ndinawapeza akusanja mabokosi m'shedi. Ndinavula chipewa n'kunena zonse, za muluwo, za parafini, za utsi wabodza uja. Ndinati Tady alibe mlandu, chitsamba cha nkhumba chimamera chaka chilichonse koma munda supsa chotere. Sanasiye n'komwe zimene ankachita.

"Ndikudziwa, Horace anandiuza kalekale," anatero. "Theka la munda litapita sindikanatha kusunga nonse awiri. Iwe umagwira ntchito ya anthu awiri, ndipo cholakwa chimenechi sudzabwerezanso mpaka kufa. Padden ndi wochedwa. Kiyi ili pa msomali apo, Horace anasamuka Loweruka."

Ndinkaganiza kuti andithamangitsa, ndipo kunena zoona ndinkafuna atatero. M'malo mwake ndinatuluka ndi kiyi m'thumba. Ndiye kuti tsiku lija ankaloza tsamba kudzuwa, bwana ankadziwa, a Horace ankadziwa, Tady ankadziwa. Tonse tinaima pakonapo tikudziwa, ndipo amene anayenera kuyankhula anali kumanga nsapato. Ndikuchita manyazi, Sabina, moti ndikamameta ndevu ndimangoyang'ana chibwano chokha.

Komabe nyumba ilipo. Ng'ombe inapita, munda uli kwa Peadar, Nora anatsanzika kale anzake. Kubweza kiyi sikumubwezera Tady ntchito. Bwera ndi ana chisanu chisanalimbe, ndidzakuchingamira pa doko. Tady tizimutumizira kangachepe mwezi ndi mwezi, kudzera kwa Delia ngati iye angakane. Ndakolopa pansi, ndapaka laimu m'khitchini. Ungonditumizira tsiku.

Mwamuna wako,
Malachy

2 Disembala 1956

Wokondedwa Sabina,

Moni kwa iwe, Nora ndi Colm. Ndakondwa kumva kuti chifuwa cha Nora chapola. Ine ndiliko. Kuno chisanu chagwa, ndipo selari wotsala uja tikukumba zala zili gwa.

Yankho lako ndalimva. Ndinaliwerenga mobwereza, silinasinthe. Wati sungaime pa zenera la khitchini imeneyo n'kumayang'ana dimba limenelo, ndipo kabichi wa pa manyowa amenewo sungadyetse ana amene miyezi yonseyi akula ndi mkaka wa ng'ombe ya Tady. Wati kangachepe ka mwezi ndi mwezi Tady akhoza kundigenda nako, ndipo angachite bwino. Poyamba ndinapsa mtima. Ndinayenda m'zipinda zitatu zija ndikukuyankha mokweza ngati uli pomwepo, ndipo mfundo ndinali nazo zambiri, kungoti panalibe wozimva. Ndagonamo ndekha mwezi wathunthu, pa matumba, ndipo chitofu chija sindinayatsepo.

Kiyi ndabweza Lachisanu. Ndinapempha kuti malo anga chaka chamawa apatse Tady. Bwana anati malowo si anga oti ndigawe, ndipo anandiyang'ana ngati munthu wozungulira mutu. Nyumba apatsa Gaetano, mkazi wake akubwera chaka chikamayamba. Ndinapita naye kuseri kwa khola kuti adziwe chimene chili pamenepo. Anafinya dothilo m'dzanja, kulinunkhiza, n'kunena kuti manyowa abwino chotere sanawaonepo. Sananame. Masamba anawola bwinobwino, koma paja mlandu suwola. A Horace asanapite anandiuza kuti mphutsi zachiwiri zija zalowa kale m'nthaka ya mundawo, zigona chisanu chonse, ndipo kukadzafunda zidzatuluka, kaya ine ndilipo kaya kulibe.

Ndifika Khirisimasi isanakwane, Mulungu akalola. Zimene ndasunga sizikwana ng'ombe, mwina thole. Peadar umuuze kuti ndikufuna tidzakambirane za munda, ndipo ndidzapita kwa iye ndine, asavutike kubwera. Nora umuuze kuti sukulu yake ndi yomwe ija. Anzake amuseka masiku angapo kenako aiwala, koma umuuze kuti wolakwa si iye kapena iwe. Anthu a ku tchalitchi akakufunsa uwauze zimene ukufuna, ndi zoona zomwe ngati ungathe. Wotchi ya pakhoma uibwezere pa msomali wake. Usadzandichingamire pa basi.

Chinthu chimodzi ndikupempha. Tsiku limene ndidzafike, chitini cha mkaka cha a Padden usatume Nora kukabweza. Uchitsuke, uchisiye pakhomo. Ndidzapita nacho ndekha, masana, kudzera pamsewu osati kuseri kwa minda. Amayi anga ankati chiwiya cha mnzako sabweza chopanda kanthu, ndipo ndikudziwa kuti iwe umaikamo mazira kapena buledi wotentha. Sabata yonseyi ndakhala ndikuganiza choti ine ndidzaikemo, ndipo mpaka pano sindinachipeze.

Mwamuna wako, ngati ukundilolabe,
Malachy